Dzinja Likadza, Alendo Atapita

Yotamu mwana wanga,

Ndakhala pansi pa msikidzi wathu ndi pensulo ya mlongo wako Lute, chifukwa pakamwa ndalephera. Ndikati ndiyambe kulankhula, iwe umayang'ana pansi, ine ndimayang'ana nkhuku, nkhani n'kuthera pa mitambo. Ndiye ndalemba. Ndikupatsa madzulo ano tisanadye kuti uwerenge wekha. Usandiseke kalembedwe, ukudziwa kuti sukulu yanga inathera pomwe mtsinje wa Lupande unakokolola kaulalo kathu.

Bokosi lako wamanga, nsapato wapolisha, ndipo malo ako ku koleji ya za mahotela ku Lusaka akukudikira. Koma Lute wandiuza zimene unamuuza kumunda, zoti mwina mawa sukwera minibasi ya ku Chipata, kuli bwino ukhale konkuno uzilima thonje. Thonje silinalakwe, latilera tonse. Koma ine ndine mayi wako, ndikudziwa kuti si thonje lakukoka. Ndi mawu a amayi ako aakulu a Velina.

Ndinalipo, ndinamva. Lamulungu lija titaweruka kutchalitchi anthu anadzaza pabwalo pano kudzatsanzikana nawe. Iwe unanyamuka n'kuyamba kutsanzira mlendo amene akufuna kujambula mvuu uku kashembe akumuluma kumsana. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, abusa anachita kutsamira nkhokwe. Ndipo a Velina, akupukuta misozi ndi chitenje, anati, "Eee, Waisoni weniweni! Nelia, ameneyu pomuperekeza umuyang'anitsitse, akapita wapita." Anthu anasekanso, koma iwe utamva dzina la atate ako sunaseke. Kuyambira tsikulo nyumba ili zii ngati pamaliro, ndipo ukuyenda ngati munthu amene wamuuza sing'anga kuti ali ndi nthenda ya kumtundu.

Pali mawu awiri a Chingerezi amene anandivutitsa chaka chino. Madamu a ku loji kumene unkagwira ntchito patchuthi anandipeza pamsika ku Mfuwe, n'kundigwira dzanja, amvekere, "Amama, mwana wanu ali ndi pesonalite." Ndinathokoza, koma m'mtima ndinali kudzifunsa ngati ndi chinthu chofunika mankhwala. Pambuyo pake ahedi a sukulu yako anandiuza kuti uli ndi kalakita yabwino. Ndinapita kwa aphunzitsi a Tembo, aja okhala kuseri kwa chigayo, kukafunsa ngati ziwirizi ndi chinthu chimodzi. Iwo anati ayi. Pesonalite ndi mmene munthu amaonekera pakati pa anthu, kalankhulidwe kake, kasekedwe kake, ngakhale kufatsa kwake, zija zimene umaziona asanamalize n'komwe kukupatsa moni. Kalakita ndi khalidwe lenileni, zimene munthu amachita zinthu zikathina, kapena pamene palibe womuona. Ndinawayankha kuti, "Aa, a ticha, ndiye ndi zimenezo? Ife kuno timangoti chilimwe ndi dzinja." Anandiyang'ana ngati ndamwa, koma iwe wobadwira m'chigwa muno undimva.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunali kukwatiwa m'chilimwe. Masiku amenewo kumalo osungira nyama kutsidya kwa Luangwa sitinkati paki, tinkangoti ku gemu. Mvula ikatha makampu a alendo ankamangidwa mwatsopano, ndipo ife atsikana tinkamweta udzu wofolera n'kukagulitsa ku kampu ya ku Nsefu. Kumeneko ndi kumene ndinaona atate ako okubala, a Waisoni. Anali weta, woperekera zakudya, atavala zoyera mbee. Ndinali nditasenza mtolo, thukuta lili kamukamu, iwo n'kundigwadira ngati ndine mkazi wa bwanamkubwa, amvekere, "Madamu afuna tiyi kapena khofi?" Ndinaseka mpaka mtolo unagwa. Munthu ameneyo ankatha kulira ngati fisi mpaka agalu kuthawa. Ankadziwa dzina la mlendo aliyense, la mkazi wake, ndi la galu amene anamusiya kwawo. Anthu ankabwerera chaka ndi chaka, choyamba kufunsa Waisoni, mikango pambuyo.

Usaganize kuti ndikuwanyoza, chifukwa zabwino zawo ndi zako ndipo uyenera kuzidziwa. Sanali wamantha. Tsiku lina alendo akuyenda pansi m'tchire, njati inadzambatuka m'mabango. A Waisoni anali kumbuyo kwa mzere atanyamula ketulo. Anakankhira gogo wina wachizungu kuseri kwa chulu, iwo n'kuima poyera akumenya ketuloyo mpaka njati inakhotera kwina. Sanabepo, sanandimenyepo, ndipo sanandichititsepo manyazi pa anthu. M'chilimwe ndinali mkazi wodala kuposa onse m'dera la Lupande.

Koma ukudziwa mmene kuno kumakhalira mvula ikagwa. Misewu imasanduka phala, galimoto sizidutsa, makampu amatsekedwa, amuna onse amabwerera m'midzi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kumatsala udzu m'munda, udzudzu, malungo, ndi nkhope zomwezomwezo tsiku ndi tsiku. Pamenepo ndi pomwe ndinawadziwa amuna anga. Ankayamba kupalira akuimba, koma dzuwa lisanatenthe khasu lili gone pamzere, iwo ali pamunda wa eni akusimba za njati ija. Aliyense wowapempha chithandizo ankamuvomera, "Mawa ndifika, osadandaula," koma mawalo silinkafika. Sankanama dala. Pamene ankanena ankakhulupirira, kungoti nkhope yachimwemwe ya wopemphayo inali itawakwanira kale, ntchitoyo inalibenso kukoma.

Iwe uli khanda unadwala malungo mvula ili pakati. Unkalira osalekeza. Atate ako anakuimbira, anakuvinira, koma khanda lodwala siliombera m'manja. Anatuluka kuti akukafuna mankhwala, ndipo anabwera iwe utachira kale, atanyamula nsomba ndi nkhani yoseketsa ya mmene bwato linawatembenukira. Ndinaseka, mwanangu, ndisakunamize. Chilimwe chotsatira mlendo wina wa hotela ku Livingstone anawaitana kuti akagwire ntchito kumeneko, kumene alendo satha chaka chonse. Anatitsanzika akulira misozi yeniyeni, n'kulonjeza kuti adzatitenga mvula ikatha. Mvula yakhala ikutha chaka chilichonse.

Tsono tamvera, Yotamu, pakuti apa ndi pamene a Velina asokoneza ndipo iwe wasokonezeka nawo. Si kuseka kumene kunawachotsa pakhomo atate ako. Kuseka kunali mphatso yawo, ndipo mphatsoyo inadyetsa anthu, ine ndi iwe tomwe. Chimene analibe ndi mphamvu yokhala pamalo pamene palibe wowaonerera. Zimenezi ndi ziwiri zosiyana. Choyambacho munthu amabadwa nacho, monga msinkhu kapena mpata wa mano. Chachiwiricho palibe amene amabadwa nacho, ndipo palibe amene angakusiyire ngati chuma cha masiye. Umachilima wekha, dzinja ndi dzinja.

Kulakwitsa kwanga kwachiwiri ndi kumene ukufuna kuchita iweyo sabata ino, n'chifukwa chake ndikukuuza. A Waisoni atapita, ndinayamba kuopa mwamuna aliyense woonetsa mano. Ndinkati munthu wabwino ndi wosalankhula. Ndiye kunabwera msodzi wina dzina lake Zakeyo kudzafunsira mng'ono wanga Dailesi. Munthuyo ankatha kukhala pamphasa kuyambira m'mawa mpaka masana osatulutsa liwu. Dailesi ankakayika, ankati, "Achemwali, munthu uyu sindikumuona m'kati." Ine ndinamukalipira, a Velina n'kuwonjezera kuti, "Ukufuna woseketsa? Taona Nelia zamuthera bwanji." Anakwatiwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zakeyo anali chete ngati ng'ona padooko. Ankatseka nkhokwe ndi loko, ankamuwerengera mkazi nsomba, ndipo dzanja lake linkalankhula zimene pakamwa pankasunga. Dailesi anabwerera kwathu ndi mwana kumsana mvula ikugwa. Lero ukumuona wanenepa, ali ndi amuna ake aja ogulitsa njinga amene mawu awo amamveka kutsidya kwa mtsinje, ndipo sanagonepo ndi njala kapena ndi misozi.

Choncho usadzinamize kuti ukatseka pakamwa wasanduka munthu wabwino. Kufatsa nako ndi chovala, monga momwe kuseka kulili chovala. Masiku ano wakhala chete, koma sindinaone kuti khalidwe lako lawonjezekapo. Ndangoona mwana wanga akuonda ndipo Lute akusowa womuseka.

Kulakwitsa kwachitatu ndimakuseka ndekha ndikamatsuka mbale, chifukwa kunatsala pang'ono kundimanitsa zaka zabwino zonsezi. Ndikunena za atate ako amene anakulera, a Fakisoni. Anabwera kuno ngati sikauti wa gemu, ndipo ukudziwa mmene anthu ankawaonera a gemu, anthu omanga abale athu chifukwa cha kanyama ka m'phika. Kuwonjezera apo nkhope yawo ija, yokhala ngati akuwerengera mlandu. Nditapsa ndi woseka, n'kupsanso ndi wofatsa, ndinati amuna onse akhale kwawo. Anandifunsira ndi mawu osakwana dzanja limodzi, ine ndinawakana ndi mawu ochuluka kwambiri. Ndinkati ndi onyada.

Chimene sindinachione msanga n'chakuti munthuyu ankabwera m'dzinja. M'chilimwe ankakhala kutchire ndi alendo, ali patsogolo pa mzere ndi mfuti. Koma mvula ikagwa, pamene aliyense wanzeru amakhala m'nyumba, ndinkangoona munthu akutulukira m'matope ofika m'mawondo, nsapato zili pakhosi. "Mwaswera bwanji, amake Yotamu?" Akatero ankakhala pakhonde, n'kutenga khasu langa kulikhoma bwino, kapena kukusemera kampini kako kakang'ono. Dzuwa likapendeka, "Ndapita." Basi. Amayi anga anachita kundifunsa kuti, "Kodi iwe, ukudikira kuti munthuyu amere mizu pakhondepo?" Ndinavomera chaka chimene ndinazindikira kuti mitambo ikayamba kuda, maso anga ayamba okha kuyang'ana kunjira.

Usaganize kuti ndi mngelo. Ndi ouma mutu, ukudziwa wekha. Zaka zonsezi sananenepo kuti ndiwo zakoma, amangowonjezera. Ndipo kusowa kwawo kwa pesonalite kunawadyera. Alendo ankawaopa, ena ankapempha sikauti wina, ndipo anzawo odziwa kucheza anakwezedwa iwo ali pomwepo. Tsiku lina akukuonera ukuseketsa ana a sukulu pamsewu anandiuza kuti, "Ndikanakhala ndi pakamwa pa mwana uyu, bwenzi ndili patali." Sananene modandaula, ananena monyadira. Ndiye chimene ukufuna kukwirira pansicho ndi chinthu chimene munthu amene umamulemekeza kuposa onse anachisirira moyo wake wonse.

Tsopano ndikuuze za iwe, chifukwa a Velina amakuona Lamulungu lokha, ine ndimakuona m'dzinja. Ukukumbukira chaka chimene a Fakisoni anabayidwa ndi chitsa, mwendo n'kutupa ngati mtondo, njovu n'kutidyera chimanga chonse chitangoyamba ngaiyaye? Unali usanamere n'komwe ndevu. Palibe amene anakutuma. Unabzalanso munda wonse wakumunsi, n'kupalira thonje wekha m'matope aja omata khasu. Kunalibe mlendo, kunalibe wokuombera m'manja, kunali ine ndekha patali ndikumva nyimbo yako ikupita ndi kubwera m'mizere. Ukaweruka unkakhala pambali pa mphasa ya wodwala n'kumawasimbira nkhani. Taganiza, kusimbira nkhani zoseketsa munthu amene saseka, tsiku ndi tsiku, mpaka mwendo unaphwa! A Waisoni sakanatha ngakhale madzulo amodzi. Nyimbo inali yawo, inde, ndinaizindikira ndipo mtima unandipweteka. Koma amene anatsala m'mundamo mpaka mzere womaliza unali iwe.

Sindikunena kuti ulibe pokonza, ndingakhale mayi wabodza. Nawenso umavomera msanga. Khola la nkhuku limene unalonjeza Lute lili ndi mbali zitatu, ndipo nkhuku zikuthokoza kwambiri chifukwa cha khomo lalikululo. Pamenepo ndiye pofunika kulondera, monga timalondera mbali ya munda imene njovu zimalowera. Ukaphunzire kunena kuti "sindingathe" nkhope ya munthu ikugwa pamaso pako. Zimawawa kanthawi kochepa. Koma "mawa ndifika" wosafika amawawa zaka, ndikudziwa zimene ndikunena. Ukalonjeza kanthu, kachepe, ndipo ukachite ngakhale amene unamulonjezayo ataiwala.

Chimene chikundidetsa nkhawa pang'ono ndi ichi. Akuti m'mahotela a m'tauni alendo satha, ndi chilimwe chokhachokha chaka chonse. Adzakukonda, Yotamu, sindikukayika. Adzakuitana ndi dzina, adzafuna kujambulitsa nawe, ndipo palibe mvula imene idzabwere kudzakuuza kuti ndiwe yani. Ndiye dzinja lako ukalifunefune wekha. Lili kuseri kwa khitchini, kwa amene amatsuka mapoto ndipo sangakupatse kanthu. Lili kwa mnzako wa m'chipinda akadwala n'kukhala wosasangalatsa. Lili pa ntchito imene bwana sadzaiyang'ana. Mmene umamwetulira mlendo, ukamwetulirenso wosesa, ndipo ukaona kuti kumwetulira kwako kwayamba kusankha anthu, udziwe kuti udzu wamera m'munda.

Anzako ukawayese chimodzimodzi. Woseketsa usamuthawe, wofatsa usamugwadire, onse uwadikire mvula. Ndipo tsiku limene mtsikana wina adzakugwetsa mtolo, pakuti lidzafika, usadzatengere ine. Udzabwere naye kuno Febuluwale, minibasi itatitimira, nsapato zake zili m'manja. Akadzafika pakhomo pano akadali kukulankhula, udzandiuze ndiphe nkhuku.

Mwina tsiku lina udzakumana nawo a Waisoni, pakuti ntchito yanu ndi imodzi ndipo anthu a m'mahotela amadziwana. Ukadzawaona usadzathawe ndipo usadzawatukwane. Udzawapatse moni waulemu, ndi atate ako. Udzaseka, ndikukuuziratu, palibe amene anakhalapo nawo osaseka. Udzaone nkhope yako pa nkhope yawo, usadzachite mantha. Ukadzatero udzabwerere kuntchito yako pa nthawi yake.

A Velina uwakhululukire. Ndi iwo amene anandisunga ndi iwe m'nyumba mwawo chaka chimene ndinatsala ndekha, ndipo mantha a chaka chimenecho sanawachoke. Pakamwa pawo pamathamanga kuposa mtima wawo. Ndinawafunsa dzulo kuti bwanji sananene kuti make mbuu, mwana mbuu, popeza amene anakubereka n'kukhala pompano osasuntha ndine. Anangoti, "Iwenso Nelia," n'kundipatsa nkhuku yoti ukadye panjira. Ndiko kupepesa kwawo, ulandire.

Ine usandidere nkhawa. Ndakhuta nawo moyo wanga. Ndinakwatiwa ndi chilimwe, ndinaseka mokwanira. Ndinakwatiwa ndi dzinja, ndadya mokwanira. Ndipo Mulungu anandipatsa mwana mmodzi amene ali ndi zonse ziwiri, ndiye ndidandaule chiyani? Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ukakhala kuno chifukwa chokonda thonje, ndidzakugulira khasu latsopano ndi manja awiri. Koma ukakhala chifukwa choopa magazi ako, udzakhala wathawa usanachoke n'komwe, ndipo zimenezo ndiye zidzandiliza. Pita, Yotamu. Ukwere minibasi ija, ndipo ukwere ndi mano ako onse poyera.

Ndimati ndithere pamenepa, koma atate ako a Fakisoni angochoka pano. Anali kupopa njinga ndi kudula mphira zomangira bokosi lako, akuti munyamuka sikisi koloko kuti mukapeze malo akutsogolo. Za kukayika kwako sindinawauze, ndipo iwo sanafunse. Anaima pambali panga akuyang'ana pensulo, kenaka anati, "Amake Yotamu, mukulembera mwana?"

Ndinati inde.

"Mulembemo ichi. Ndinamva kalekale kwa anzanga kuti mwanayu amanditsanzira. Akuti kayendedwe, katsokomoledwe, ndi mmene ndimanenera kuti ndapita. Akuti ku Mfuwe konse anaonerapo, ngakhale abusa."

Ndinayamba kukupepesera. Anandiletsa ndi dzanja.

"Ayi. Ndikuti aliyense anaona, ine ndekha ayi. Mawa akupita. Mumuuze andionetseko lero."

Ndiye ukamaliza kuwerenga, pukuta m'maso, utuluke. Atulutsa kale mpando wawo pabwalo, avala ndi jekete.

Ndine mayi wako,
Nelia